Nkhope ya a Faustino pa Khoma la Sitolo

A Saulos anakana mpando. Anaima pakhomo chipewa chili kumutu, chikwama chili m'khwapa, ngati munthu wodikira basi.

"Khalani pansi, sekuru, mwachokera kutali," anatero mai Emilia, akukankhira mpandowo pafupi.

"Sindikhalitsa, amai. Ndangobwera kudzanena kuti nkhani ija tiyambe taiimika."

Nkhani yake inali ya ukwati. Adriano, mwana wa mlongo wawo wa a Saulos, ankagwira ntchito ku mgodi wa golide ku Arcturus, ndipo ankafuna kukwatira Ricardina, amene tinkangomuitana kuti Rika, mwana woyamba wa a Faustino ndi mai Emilia. Lamulungu limenelo, mu Ogasiti 1998, mabanja awiriwa anayenera kupangana tsiku la ukwati. Ine Filesi ndinalipo chifukwa nyumba zathu n'zoyandikana m'komboni, pa pulazi, ndiye kuti famu, ya fodya kufupi ndi Macheke. Ndine ndinkayang'aniranso zaumoyo pa pulazipo. Anandiitana kuti ndidzakhale mboni, ndipo ndinali nditamanga nsalu yatsopano.

"Tiimike chifukwa chiyani?" anafunsa a Faustino.

A Saulos anayang'ana pansi. "Nkhope yanu ili pa khoma la sitolo, pomwe ndatsikira basi ku Macheke. Ndaiona ndi maso angawa. Mukudwala, bambo, ndipo simunatiuze."

"Ine? Dzulo lomweli ndanyamula mabelo a fodya tsiku lonse. Mukundiona ngati wodwala?"

"Kunjaku muli bwino. Koma ine ndagwira ku mgodi zaka makumi awiri. Kumeneko amatijambula chifuwa, chithunzi n'kuonetsa zimene maso saona. Mnzanga Lazalo tinkaseka naye bwinobwino, chithunzi chinati mapapo atha, Khirisimasi sanaione. Makina sanama. Ndipo anthu a m'maofesi samata munthu pakhoma popanda chifukwa."

Ananena kuti akagona kwa msuweni wawo pa pulazi ya kutsidya kwa msewu, mawa akwera basi ya m'mawa. Kenako anatembenuka n'kumapita. Ricardina anali m'khitchini ndipo anamva zonse. Sanalire. Anangofumula nkhuni pamoto, n'kutuluka atavala kale nsapato.

Tinayenda anthu anayi mpaka ku sitolo. Pepala lomatidwa pakhomalo tinaliona tikadali patali, lalikulu ngati chitseko cha kabati, lamitundumitundu. Panali munthu atabereka pampu yopopera mankhwala. Nkhope yake inali yotuwa ngati phulusa, masaya olowa m'kati, maso ofiira, zilonda pamphumi ndi m'manja. Kumbuyo kwake kunali utsi wobiriwira. Paphewa la malaya ake panali chigamba cha buluu.

"Chigamba icho ndinasoka ndine," anatero mai Emilia.

Anthu amene anali pakhonde la sitolo anasiya kucheza. Ankayang'ana pepala, n'kuyang'ana a Faustino, n'kuyang'ananso pepala. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. Masiku amenewo maliro anali ochuluka m'mapulazi, ndipo munthu akawonda anthu sankafunsa, ankangonong'ona kuti ndi matenda a masiku ano aja.

Pa pepalalo panali mawu a Chingerezi ndi a Chishona. Ricardina, amene anafika Fomu 2, anawawerenga mokweza. Ankati munthu wopopera mankhwala m'munda osavala zodzitetezera angathe kudwala chonchi.

"Ndiye nkhani yake ndi ya mankhwala opopera basi," anatero mtsikanayo. "Koma pano ndani akuwerenga? Onse akungoona nkhope ya adadi."

A Faustino anatambasula dzanja kuti aling'ambe. Ndinawagwira mkono.

"Mukang'amba ili, kwatsala angati? Mapepala otere amasindikiza mazanamazana. Mudzayenda mapulazi onse mpaka ku Arcturus mukung'amba?"

"Wina wawachita chipongwe kudzera m'chithunzi," anatero mai Emilia. "Kuli mneneri ku Guruve amene amadziwa kumasula zotere."

"Ku Guruve n'kutali, mai a Rika," ndinatero ine, "ndipo mneneriyo si amene anasindikiza pepalali. Rika, werenga timawu tating'ono ito m'munsimo."

M'munsi munali dzina la bungwe lina loona za umoyo wa anthu a m'mapulazi, ndi keyala ya ofesi yawo ku Marondera. Pomwepo ndinakumbukira. Mu Januwale kunabwera alendo awiri a bungwe limeneli ndi kamera. Ankafuna munthu wopopera fodya. Ndine ndinakuwira a Faustino ali m'munda kuti, "Fulumirani, alendo asachedwe." Iwo anaima bwinobwino, anamwetulira, poganiza kuti apatsidwa chithunzi chotumiza kwa mkulu wawo ku Tete. Alendowo anajambula, anathokoza, n'kukwera galimoto. Palibe anafunsa kuti chithunzicho chikupita kuti. Ngakhale ine sindinafunse. Ife a m'mapulazi ndi mmene tinazolowerera: mlendo akabwera ndi galimoto, timafola pamzere, kufunsa ayi.

"Mawa tikupita ku Marondera," ndinatero.

"Kukatani, ambuya?" anatero a Faustino. "Ine chitupa changa chimati ndine mlendo m'dziko muno. Ndikakaima pa ofesi n'kuyamba kudandaula, adzati bwerera kwanu. Kwathu kwake kuti? Ndinachoka ku Tete ndili kumsana kwa amai."

"Chitupa chinene zimene chikunena. Nkhopeyo ndi yanu. Munthu sangaitenge n'kuisintha popanda kukufunsani, kaya munabadwira ku Tete kaya ku Harare. Kapempheni tsiku lopuma kwa foromani. Za a Saulos zisiyireni ine."

A Saulos ndinawapeza masana omwewo atakhala pansi pa mtengo kwa msuweni wawo. Sindinazungulire.

"Basi yanu imadutsa pa Marondera. Mutsikepo ola limodzi lokha, mukaone kumene pepala lija linachokera. Tikapezeka kuti tikunama, mukwere ina muzipita."

"Ambuya, ine ndikuteteza mwana wa mlongo wanga."

"Tetezani, koma muteteze mutaona. Ndipo ndikuuzeni: ngakhale akanakhala akudwaladi, Ricardina walakwa chiyani? Wodwala timamusamala, sitimuthawa pamodzi ndi ana ake."

Anang'ung'udza, koma m'mawa mwake tonse anayi tinawapeza pa siteji ya basi.

Ofesiyo inali zipinda zitatu kuseri kwa malo ogulitsira mbewu. Mlonda anatiuza kuti tidikire panja. Ine zodikira panja ndinazisiya kalekale. Ndinafunyulula pepala lina lomwelo, limene ndinalimatula pa siteji ya basi, n'kuliika pafupi ndi nkhope ya a Faustino.

"Kauzeni amene anapanga ichi kuti mwini nkhope wabwera."

Panatuluka mayi wa zaka ngati makumi atatu, wovala magalasi, dzina lake Idah. Atangoona a Faustino anagwira pakamwa. Atamva mmene tinkalankhulira, anasiya Chishona n'kuyamba Chichewa. Bambo ake anali a ku Dedza, ankagwira ntchito ya njanji.

Anatilowetsa m'chipinda mmene munali kompyuta. Ena a ife tinali tisanaionepo. Inali ngati wailesi yakanema yoyera, yokhala ndi mabatani a taipi patsogolo, ndi kachipangizo kokwana m'dzanja kamene ankakatcha mbewa chifukwa cha kachingwe kake konga mchira.

Ricardina ndiye anafotokoza, mwachidule, osakweza mawu. Anamaliza ndi kuti, "Ukwati wanga waima chifukwa cha pepala lanu."

"Pepani kwambiri, sisi," anatero mai Idah. "Koma mawu ali pamenepo akufotokoza bwino kuti ndi chenjezo la mankhwala. Sitinalembe kuti bambowa akudwala."

"Mwana wanga," ndinatero ine, "m'komboni mwathu muli mabanja makumi asanu ndi limodzi. Akuluakulu odziwa kuwerenga ndingawawerenge ndi zala izi. Mawu ako wawerenga ndi Rika yekha. Ena onse awerenga nkhope."

Mai Idah anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ine ndinangopatsidwa zithunzi mu envulopu," anatero. "Ndinasankha ichi chifukwa pampu inkaoneka bwino. Sindinaganize kuti munthuyu ali ndi anansi, ali ndi ana. Ndalakwa. Sekuru, senderani pafupi muone."

A Saulos anasendera, chikwama chikadali m'khwapa. Pa galasi la kompyuta panatuluka nkhope yoopsa ija.

"Chithunzi ichi si chimodzi," anatero mai Idah. "Ndi zingapo zosanjikiza, monga mmene mumasanjikira masamba a fodya m'belo. Pansi penipeni pali a Faustino mmene anawajambulira. Zinazi ndinachita kuyala pamwamba ndine, chimodzichimodzi. Taonani."

Anadina kambewa kaja. Utsi wobiriwira unazimiririka, kumbuyo kunaoneka munda wathu wa fodya ndi thanki ya madzi.

"Utsiwo ndinaujambula ndekha muno. Tsopano zilonda. Izi ndinazidula m'buku la anamwino, n'kuzimata apa."

Anadinanso. Zilonda zonse zinachoka nthawi imodzi. Mai Emilia anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Masaya sanalowe. Ndinangopaka mthunzi uku ndi uku, monga mmene mungadetsere pepala ndi khala. Maso ndinawathira kufiira. Khungu ndinalichotsa mtundu kuti lituwe."

Anadina katatu. Mthunzi unachoka, maso anayera, khungu linabwerera. Pa galasipo panatsala a Faustino athu, onenepa bwino, akumwetulira ndi mpata wa mano awo, chigamba cha buluu chili paphewa.

"Ndi amenewo bambo a Rika," anatero mai Emilia. "Ndi amenewo ndithu."

Ndinkayesa nkhani yatha, koma a Saulos anapukusa mutu.

"Mwina mwangophimba. Chithunzi choyamba chija ndiye cha m'kati, ichi n'cha kunja. Ku mgodi adokotala amakhala nazo ziwiri."

"Makina a ku mgodi amaonadi m'chifuwa, sekuru, amenewo muziwakhulupirira," anatero mai Idah. "Koma awa saona kanthu. Amangochita zimene dzanja langa lawauza. Muli ndi chithunzi chanu chilichonse m'chikwamamo?"

Anali nacho, chimene anajambulitsa tsiku limene anapuma ntchito, atavala jekete, chipewa chili m'manja, dazi likuwala kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo. Mai Idah anachiika m'makina ena afulati onga ayironi yaikulu. Kuwala kunayenda pansi pake, ndipo a Saulos anatulukira pa galasi.

"Muli bwino m'thupi, sekuru? Dzino silikuwawa?"

"Mano anga ndi athunthu."

Mai Idah anagwira tsaya la pa chithunzi ndi kambewa kaja n'kulikoka pang'onopang'ono. Tsaya linatupa ngati muli mango. A Saulos anagwira tsaya lawo lenileni msangamsanga. Ricardina anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka.

"Ndiye makina aona za m'kati?" ndinafunsa ine. "Tikuperekezeni akakuzuleni?"

"Bwezani, bwezani," anatero a Saulos.

Mai Idah anabweza. Kenako anatsegula chithunzi cha mnyamata wina woimba, anadula tsitsi lake lokha, lalitali lakuda bii, n'kulikhazika pamutu pa a Saulos. Analichepetsa, analipendeketsa pang'ono, anasalaza m'mphepete mpaka linakhala ngati linamera pomwepo.

A Faustino ndiwo anayamba kuseka, kuseka kwawo koyamba chichokereni dzulo lake. A Saulos anayang'anitsitsa galasilo nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa, anasisita dazi lawo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndinali chonchi mu 1965."

Anatembenukira kwa a Faustino. "Bambo, ndakulakwirani. Ndinakhulupirira khoma, inu muli chiimire pamaso panga." Kenako anafunsa mai Idah ngati chithunzi cha tsitsicho chingatuluke pa pepala.

Ine sindinabwere kudzaseka. Ndinagogoda patebulo.

"Zaoneka. Nanga mapepala ali m'makoma aja?"

Mai Idah anakaitana mkulu wa ofesi. Mkuluyo anamvetsera, anayang'ana a Faustino, anayang'ana pepala, ndipo sanatsutse. Tinagwirizana zinthu zitatu, ndipo ndinati azilembe pomwepo, Ricardina awerenge. Choyamba, galimoto yawo izungulire kumatula mapepala onse sabata yomweyo. Chachiwiri, abwere ku komboni adzanene pamaso pa anthu kuti a Faustino sakudwala. Chachitatu, asadzagwiritsenso ntchito nkhope ya munthu asanamufotokozere m'chilankhulo chake, iye n'kuvomera, n'kuona pepalalo lisanasindikizidwe.

"Koma chenjezo lija n'lofunikabe," anatero mai Idah. "Anthu akupsa manja ndi mankhwala. Bambo, inu mumavala magolovesi popopera?"

A Faustino anakanda kumutu. "Magolovesi ali m'sitoro yosungira katundu wa pulazi. Amatuluka kukabwera alendo."

"Pa chithunzi chija simunavale."

"Alendo anu anabwera osanena."

Apa Ricardina analankhula. "Bwanji mupange pepala lina loonetsa munthu wovala bwino, m'malo moopseza ndi wodwala? Loti ngakhale agogo osawerenga angoona n'kumva. Adadi, mungalole?"

A Faustino anaganiza. "Ndilola. Koma ndione kaye lisanapite kukhoma. Ndipo chimodzi chikhale changa, nditumize ku Tete."

Lachisanu galimoto ya bungwe inafika pa pulazi. Mkulu uja analankhula ndi manijala wa pulazi, ndipo magolovesi, majombo, maovolosi ndi zophimba kukamwa zinatuluka m'sitoro, ulendo uno osabwereranso. Anthu ataweruka, mai Idah anaima pabwalo la komboni atanyamula mapepala awiri, la nkhope yeniyeni ndi la nkhope yosinthidwa. Anafotokoza m'Chichewa ndi m'Chishona mmene anachitira, napepesa. Mayi amene anakoka mwana wake ku sitolo uja anabwera madzulo ake kudzapempha mchere kwa mai Emilia. Mchere anali nawo kwawo, tonse tinkadziwa.

Pepala latsopano linatuluka patatha milungu itatu. Mai Idah anabwera nalo kaye limodzi lokha kudzationetsa. Pa pepalapo a Faustino anaima chilili atavala zonse, pampu kumsana. Kompyuta yomwe ija inagwiranso ntchito, koma mwa njira ina. Kumbuyo anachotsako zonse zosokoneza maso n'kusiya chikasu chowala. Magolovesi, majombo ndi chophimba kukamwa anazizunguliza ndi mizere yobiriwira kuti diso lifikire pomwepo. Pakona anaika chigubu cha mankhwala chokhala ndi mtanda wofiira pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa. Mawu anali ochepa, ndipo a Chichewa analipo. Nkhope sanaikhudze.

Ndinaliyesa pa agogo ena a zaka makumi asanu ndi atatu, amene sanapondepo m'kalasi. Analiyang'ana n'kunena kuti, "Akuti uzivala ngati Faustino, ndipo chigubu cha mankhwala usatungire madzi." Ndinauza mai Idah kuti kasindikizeni.

Lamulungu lotsatira a Saulos anabweranso, Adriano ali pambuyo pawo atavala taye. Anatsikira pa sitolo pomwe paja, pomwe tsopano panali pepala latsopano. Atafika pakhomo sanadikire kuuzidwa. Anakoka okha mpando uja, anakhala, anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Tinalekezera pati?" anafunsa.

Ukwati unachitika mu Disembala, mvula itagwa kale, fodya ali m'mawondo. A Saulos anavina kuposa mkwati, ndipo aliyense amene anakhala nawo pafupi anaonetsedwa chithunzi cha tsitsi chija. Nyengo yopopera imeneyo pa kabuku kanga ka zaumoyo sindinalembe munthu ndi mmodzi yemwe wopsa manja ndi mankhwala.

Tsono mverani, inu amene mwawerenga kapena mwawerengeredwa nkhaniyi. Chithunzi masiku ano chimasinthidwa. Munthu wokhala pa kompyuta angathe kukudwalitsani, kukunenepetsani kapena kukumeretsani tsitsi, inu muli kumunda osadziwa. Musaweruze mnzanu chifukwa cha pepala la pakhoma. Pitani mukamuone, mukamufunse.

Wina akabwera ndi kamera, musafole msanga. Funsani kuti ndi ndani, chithunzicho chikupita kuti, ndipo akachita nacho chiyani. Mukapanda kukhutira, kanani. Nkhope yanu ikagwiritsidwa ntchito molakwika, musang'ambe pepala n'kukhala pansi. Werengani dzina lili m'munsi, tengani mnzanu, pitani ku ofesiko. Kaya chitupa chanu chimati chiyani, muli ndi pakamwa.

Nanunso a m'maofesi, amene mumadziwa kuyendetsa kambewa kaja, luso lanu n'labwino ndipo tikulifuna. Koma nkhope ili pa galasi lanuyo ili ndi mwini wake, ndipo ali ndi mwana wofuna kukwatiwa.

Ine ndinakuwira munthu kuti afulumire kukajambulidwa, osafunsa funso ndi limodzi lomwe, ndipo ukwati wa mwana unatsala pang'ono kutha. Inu mudzachite bwino kuposa ine. Funsani kaye.